Benchi ya Kumbuyo

"Ndimwe munayamba kukweza dzanja, Batate. Osati abusa, imwe!"

Maud ananena izi akumanga mwana kumsana, osawayang'ana n'komwe bambo ake, a Enos. Enos anali akusita jekete yake imodzi yomweyo, ndipo ayironi ya makala inangoima m'malere. Zinali zoona. Tsiku limene akulu a mpingo wawo ku Kanyama anagamula kuti Maud, poti watenga pathupi asanakwatiwe, azikhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko, Enos anakweza dzanja msanga kuvomereza, kuopa kunenedwa kuti akukondera wake. Chaka chinatha. Victor, mwini pathupi, mwana wa mkulu wa mpingo, ankaimbabe kiibodi kutsogolo.

"Lelo ni Sondo yanga yomaliza mu chalichi muja," anatero Maud. "Sinizapondamo futi."

Abusa anali atapita kumaliro ku Petauke, nasiya mawu kuti Enos, woumba mabuloko, alalikire m'malo mwawo. Enos anali asanalalikirepo chibadwire. Mavesi anawalemba papepala la thumba la simenti.

Nyimbo zitatha anaima pagome. Anayang'ana pepala, zilembo zikuvina. Atakweza maso anaona kumbuyo: madzi a mvula ya dzulo anali atalowa pansi pa chitseko, ndipo Maud anali atasanjika mapazi pa buloko kuti asanyowe. Buloko ya Enos yemwe, youmba ndi manja ake. Kamwana kanali kuyamwa chala, kachipewa katapendekera khutu limodzi.

Enos anapinda pepala, natsika. Anadutsa pakati pa mabenchi, nsapato zikulira, mpaka anaponda m'madzimo.

"Sendelako, amama," ananong'oneza.

Maud anasendera.

"Abale, tembenukani," Enos anakweza mawu. "Lelo kutsogolo ni kuno."

"Iye, ba Enos!" anatero mayi wina wa m'kwaya, koma anali woyamba kutembenuza benchi yake. Ena anatsatira, matabwa akukwekwereka pasimenti. Akulu a mpingo anapezeka ali kumbuyo kwa aliyense.

Enos anatambasula manja. Maud anazengereza pang'ono, kenaka anamasula chitenje. Manja ozolowera simenti aja analandira kamwana ngati dzira, nakonza kachipewa.

"Uyu ni Kumbu, muzukulu wanga. Sanadalitsidwepo muno. Ine ninakweza dzanja kuti amai bake bankhale pa madzi. Ninalakwa. Mwana wanga, unikhululukile."

Maud anangotsamiritsa mutu paphewa la jekete ija, ngati kale ali wamng'ono.

Enos anayang'ana uko kunali kiibodi, kumene Victor anali atawerama ngati akufunafuna waya. Mawu a Enos anatsika, opanda ukali.

"Ba Victor, pa benchi pano malo yalipo. Uyu mwana ali na mphuno ya munthu wina muno. Ni wa ndani? Tiyankheni, mpingo ukumvela."