Buku Likadali Latsopano

1.
Makilo ali bwino. Malungo palibe. Makutu akumva, poti sisitala Kamowa atagwetsa dala supuni kumbuyo kwake, Tinyade anacheuka. Vuto ndi limodzi: mwana wa zaka ziwiri ndi theka sayankhula.
Nanga kunyumba amacheza ndi ndani?
Fanuel, bambo ake, anangoyang'ana nsapato.

2.
Kusikelo konse mwamuna anali yekha. Azimayi ankamusunthira pa benchi akutsinana: abambo akabaza aja abweranso, kubereka mwana amakuposa iwe. Iye duu. Wakabaza wanji wosaitanira anthu, wongoliza belu basi?

3.
Sisitala sanalembe mankhwala. Anatulutsa kabuku ka masamba olimba, pachikuto pali mbuzi yovala chipewa.
Tikupatsa mwana aliyense. Muzikamuwerengera tsiku ndi tsiku.
Fanuel anathokoza ndi mutu.

4.
M'chikwama cha Fanuel muli:
buku la kusikelo, lopanda ndi kadontho komwe
kabudula wosinthira mwana
chitenje cha malemu mkazi wake, Esnati
mbuzi ya chipewa, yokutidwa bwinobwino m'pepala la shuga.
Anaonapo mayi wina akukalipiridwa chifukwa buku lake la kusikelo linagwera m'phala. Iye zimenezo ayi. Zakuchipatala sizidetsedwa.

5.
Alamu, si chipongwe. Mumamusambitsa, mumamudyetsa, sitikukana. Koma mwana ndi wathu kuchikazi, mukudziwa. Khirisimasi ikamupeza ali chete chonchi, ndidzamutenga akakulire pakati pa anzake ku Mitundu.
Anali Dorika, mkulu wake wa Esnati, ndipo sankaseka.

6.
Buku likadali latsopano.

7.
Iwe Esnati unkayankhulira tonsefe, ukamaphika, ukamachapa, ngakhale utaluma zopanira zovala pakamwa, unkafunsa mwana funso n'kudziyankha wekha, unkakangana ndi wailesi mpaka kuigonjetsa, ine yanga inali kungoti eee, ndiye utapita ndinapeza kuti eee wopanda womuyankha alibe ntchito, ndinangomusunga, tsopano akufuna kunditengera kamwana kokhala ndi chipumi chako ndipo ndili ndi mantha Esnati, ndili ndi mantha

8.
Mwezi wotsatira Fanuel anaika buku la mbuzi lija patebulo la sisitala monyadira, likuwala ngati lochokera m'sitolo. Sisitala anagwira m'chiuno.
Koma abambo inu! Mwalisunga ngati setifiketi ya ukwati? Ndikufuna ndilione lolumidwa, ladovu, long'ambika. Likadzabweranso loyera, jakisoni ndidzabaya inuyo.
Azimayi anaseka chikhakhali. Fanuel anachita manyazi mpaka anaiwala chipewa chake pa benchi.

9.
Loweruka masana, pamphasa. Anayamba ngati wolengeza maliro pawailesi.
Mbu-zi i-na-ba chi-pe-wa.
Mawu ankatuluka ndi dzimbiri. Tinyade analanda buku n'kuliluma. Dzanja la Fanuel linanyamuka lokha kuti likalanditse, koma analibweza.
Tsamba lotsatira linafunsa: kodi mbuzi imalira bwanji?
Anasuzumira panja, kuopa aneba.

10.
Meee.

11.
Mwana anamuyang'ana kukamwa ngati waona njinga ikuyenda yokha. Kenako analowetsamo chala, kufufuza komwe mbuzi yabisala.

12.
Tsopano m'bukumo muli:
mano awiri pachipewa
phala louma pamchira
chala cha girisi wa njinga
tsamba lomatidwa ndi selotepi, mozondoka.
Nkhani nayonso inakula. Mbuzi inayamba kukwera kabaza, kukana kutsika, kukangana ndi wailesi. Zimenezo m'buku mulibe, koma amuletsa ndani?

13.
Dorika anafika Khirisimasi itayandikira, chitenje choberekera mwana chili paphewa. Asanati odi, anamva mbuzi m'nyumba. Mbuziyo inasanduka tambala, tambala anasanduka munthu wamkulu akuseka mpaka kutsokomola. Kenako kamawu kakang'ono, kolamula ngati ka malemu:
Nenanso!
Dorika anaima pakhomopo nthawi yaitali, misozi ikungoyenderera.
Alamu, mwamumva mwana? anafunsa Fanuel atamuona.
Mwana ndamumva. Koma ine ndikulirira anuwo mawu. Ndinawamva komaliza kumanda.
Anapinda chitenje chija, n'kuchiyala pansi, n'kukhalapo.
Nenaninso, alamu. Mbuzi ija imati bwanji?