Wezulo Analirira Achimwene

Mumsewu wathu wa mashopu muli lamulo limodzi: wezulo akalira, siya kasitomala, tuluka, thamanga. Tinagwirizana zimenezi akuba atatitopetsa, ndipo shopu iliyonse ili ndi wezulo wake pamsomali. Choipa chake n'chakuti palibe amene amafunsa. Anthu amamenya kaye, mlandu n'kuumva pambuyo.

Ine ndimasoka zovala pakona, moyang'anana ndi banki. Achimwene anga amadwala matenda a maganizo, ndipo msewu wonse umawatchula kuti Bwanamkubwa chifukwa cha tayi yomwe savula. Pamene kuchipatala chaching'ono cha pafupi nafe kunali namwino wa matendawa, ankamwa mankhwala bwinobwino n'kumasesa makhonde a anthu. Khonsolo itachotsa namwinoyo, ati ndalama palibe, mutu unayambanso kuwavuta.

Tsiku lina mvula itayamba, anaona chidole chovekedwa diresi chikunyowa panja pa shopu ya zovala. Anachimvera chisoni, n'kuchinyamula kuti akachiike pakhonde. Mwini shopu anaimba wezulo. Nanenso ndinatuluka, sizasi ili m'manja, n'kupeza kuti wagona pansiyo ndi m'bale wanga. Ometa, ogulitsa mafoni, ngakhale a butchala amene amawapatsa tiyi m'mawa uliwonse, onse anali ataponyapo phazi. Anawathyola nthiti ndi nsagwada. Ndinathamangira nawo kuchipatala nditakwiya kwambiri.

Patapita masiku angapo, msonkhano wa amalonda ndi akhansala a dera lathu unachitikira m'chipinda cha pamwamba pa hadiweya. Atcheyamani athu anali atakonza kale pempho: alonda a agalu, komanso galimoto yodzachotsa "amisala" onse mumsewu. Likanadutsa, achimwene potuluka m'chipatala akanangonyamulidwa n'kukatayidwa kaya kuti.

Ndinaimirira osapatsidwa mpata.

"Khalani pansi, mayi, nkhani yanu tikuidziwa," anatero atcheyamani.

"Mukuidziwa ndi mapazi, bambo. Lero muimve ndi makutu."

Ena anaseka, ena anawerama. Ndinatembenukira kwa akhansala.

"Alonda tikuwafuna, inde, ndi magetsi kuseri kwa depoti komwe atsikana a m'mashopu amaopa kudutsa. Koma galu sangamwetse munthu mankhwala. Tibwezereni namwino, ndipo alondawo aphunzitsidwe kusiyanitsa wakuba ndi wodwala."

Akhansala anakonza magalasi awo. "Mayi, bajeti yathina. Mwina chaka chamawa."

"Chaka chamawa mudzabwera kumaliro, bwana."

"Ndiye tizichiza amisala a tauni yonse ife?" anafuula wa zovala uja, wopanda ndi manyazi omwe.

Apa a butchala anadzuka pang'onopang'ono, munthu wamkulu ngati chitseko. "Mwana wanga wamkazi chiberekereni sagona. Amangolira, amalankhula yekha. Tamutsekera m'nyumba, kuopa inu nomwe. Tsiku lija ndinamenya nawo, koma ndikaganiza kuti akanatha kukhala iye..." Sanamalize. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Titavota, manja a namwino ndi magetsi anapambana a agalu ndi galimoto ija, ngakhale sanapambane kwambiri. Akhansala anati iwo paokha sangalonjeze kanthu, nkhaniyi ikakambidwa kukhonsolo, ndipo ngati tikuifunadi tikaonekere komweko. Ndinawauza kuti ndidzatseka shopu tsiku lililonse lomwe a khonsolo akumana, n'kukakhala komweko mpaka atatopa nayo nkhope yanga. A butchala anati tidzapitira limodzi.

Nditachoka pamenepo ndinapita kuchipatala. Achimwene anali atakhala tsonga pabedi, nsagwada itamangidwa, ndipo ndinachita kuwerama kuti ndimve zomwe ankanena.

"Mlongo, ndikatuluka ndizikhala kuti? Mumsewu muja sandifuna."

Ndinawagwira dzanja mwamphamvu.

"Muzikhala momwemo, achimwene. Amene sakukufunani asamuke ndi shopu yake."