Dzanja la m'Mphepete mwa Pepala

Amayi ake a Edina sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse. Ankati amene akufuna kuwaona abwere kunyumba. Ndiye atamwalira, kwawo ku Vubwi kunangotsala zitenje zitatu, khasu ndi buku la nyimbo la ku Reformed. Nkhope anapita nayo.

Inatsala pamalo amodzi okha. Munthu wina, kaya ndani, anajambula mwambo wa Kulamba ku Mkaika n'kuika vidiyoyo pa YouTube. Edina anaipeza mwangozi m'chipinda cha makompyuta, atangoyamba Giredi 10 pasukulu yogonera komweko ku Katete. Pa mphindi ya 17, kamera imadutsa pagulu la azimayi okhala pansi, onse atavala chitenje chofanana cha mwambowo. Mmodzi amatembenuka n'kuseka, mpata wa mano akutsogolo uli poyera. Masekondi anayi, basi! Tsiku limenelo Edina analuma kolala ya yunifomu kuti asakuwe.

Kuyambira pamenepo, Lachitatu lililonse ankathamangira kompyuta ya nambala 9, ya pakona. Ankamaliza msangamsanga ntchito imene apatsidwa, kenako n'kutsegula vidiyo ija. Masekondi anayi, kubweza. Masekondi anayi, kubweza. Sanauze munthu. Angauze ndani? Anzake a m'hositelo ambiri anali a m'tauni, olankhula mosakaniza ndi Chingerezi, ndipo ankamuseka kuti Chichewa chake ndi cha agogo.

Zinthu zinasokonekera chifukwa cha anyamata a Giredi 12, anthu osamva aja. Anawagwira akuonera zinthu zoti sitingazitchule pano. Makolo anakwiya pamsonkhano, ahedi anatuluka thukuta, ndipo sabata yotsatira kunabwera anthu awiri ochokera ku Lusaka atanyamula kabokosi kakuda. Lachitatu Edina atalemba dzina la vidiyo ija, panatuluka uthenga wofiira wonena kuti malo amenewa ndi otsekedwa kwa ana a sukulu.

Anayesanso. Wofiira. Anasamukira pa kompyuta ina. Wofiira womwewo.

Foni pasukulupo inali mlandu, ndipo kumudzi azakhali ake anali ndi kafoni ka mabatani kongoimbira. Poyamba Edina anadzilimbitsa mtima kuti nkhope ya mayi wako sungaiiwale. Koma pofika sabata yachisanu, akatsinzina ankaona duku, ankaona mpata wa mano uja, koma maso ndi mphuno zinkakana kubwera. Anachita mantha kwambiri. Ankaona ngati amayi ake akumwaliranso, ulendo uno pang'onopang'ono, ndiponso popanda wina womuthandiza kulira.

Tsiku lina belu litalira, a Ezara Mvula, aphunzitsi a kompyuta, anamuuza kuti atsale. Anali bambo wofatsa, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi.

"Iwe Edina, kabokosi kaja kamalemba zonse," anatero. "Nambala 9 yagogoda pakhomo lotseka maulendo makumi asanu ndi limodzi mwezi uno. Ukufunako chiyani kumeneko?"

Edina anayang'ana pansi.

"Yankhula, mwana iwe. Ahedi akufuna mayina."

"Kuli amayi anga, aphunzitsi."

"Amayi ako amaika mavidiyo?"

"Ayi. Anamwalira. Koma akuoneka pa Kulamba, pa mphindi ya 17. Chithunzi chawo china kulibe."

A Mvula anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya tayi. Kenako ananena kuti kutsegula sangathe, chifukwa makiyi a kabokosiko ali ndi eni ake ku Lusaka, ndipo ngakhale iwowo akafuna vidiyo yophunzitsira amachita kulemba kalata. Foni yawonso sangampatse mwana wa sukulu, ntchito ingawathere. Anang'amba kapepala.

"Lemba apa dzina la vidiyoyo ndi mphindi yake. Avala chiyani?"

"Chitenje cha Kulamba ndi duku loyera. Akuseka."

"Chabwino, pita. Dzina lako sindipereka."

Lachisanu masana anamuitana pakhonde la ofesi ya aphunzitsi. Nkhope yawo inali yowala ngati munthu amene wakolola bwino. Anatulutsa pepala m'kaundula.

"Ndaisaka pafoni yanga kunyumba, ndaimitsa penipeni, ndakulitsa kuti nkhope idzaze pepala. Inki yavuta pang'ono, koma taona mmene akusekera! Mwafananatu mphumi."

Edina analandira ndi manja awiri. Anayang'ana chithunzicho.

Sanali amayi ake. Anali mayi wina wonenepa masaya, amene anakhala pafupi nawo tsiku lija, chitenje chomwecho, duku loyera lomwelo, nayenso akuseka. Kodi a Mvula akanadziwa bwanji? Pa Kulamba azimayi ovala choncho amakhala mazanamazana.

Anafuna kunena. Koma bambo wamkulu wataya nthawi yake, wabisa dzina lako kwa ahedi, waima apo akumwetulira, ndiye iwe mwana uziti mwalakwitsa? Edina anapinda mawondo.

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi."

"Usunge bwino," anatero a Mvula, n'kulowa mu ofesi akuimba kamluzu.

Edina anapita kuseri kwa hositelo, kumene amayanika zovala, nakhala pamwala. Analira mokwiya, osadziwa kuti akwiyire ndani. Atapukuta maso anayang'ananso pepalalo, ndipo m'pamene anaona. M'mphepete mwenimweni, paphewa la mayi wachilendoyo, panali dzanja. Kachala kakang'ono kanali kopindika, kaja kanathyoka ndi goli la ng'ombe Edina ali Giredi 3. Dzanja limenelo ankalidziwa kuposa lake lomwe. Linkamuluka tsitsi, linkamutsina khutu, linkamugwira pamphumi akadwala malungo.

Anaika pepalalo m'buku la nyimbo lija, limene anabwera nalo kusukulu, ndipo masiku atatu ankalitsegula m'mawa ndi madzulo. Tsiku lachinayi, ali pamzere wa chakudya, anatsinzina kuti awaone amayi ake. Kunabwera masaya onenepa aja, pansi pa duku la amayi ake.

Mayo! Mbale inagwa m'manja. Anzake anaseka, iye osawamva n'komwe. Anathamangira ku hositelo, natulutsa pepala lija, nalipinda mosamala, nalinyowetsa ndi malovu popindapo, n'kung'amba. Nkhope ya mayi wachilendoyo anaiika pansi penipeni pa sutikesi, chifukwa kuitaya kunamuvuta. Mwina nayenso ali ndi mwana kwinakwake.

Kanatsala kachidutswa kotalika ngati chala, pali dzanja la amayi ake. Lachitatu lotsatira Edina anakhala pa nambala 9 monga mwa masiku onse, koma sanagogodenso pakhomo lotseka lija. A Mvula podutsa anamufunsa chapansipansi ngati amayi ali bwino papepala paja.

"Ali bwino, aphunzitsi," anayankha.

Atadutsa, anatulutsa kachidutswako m'thumba la malaya, nakaika paphewa pake mkati mwa juzi, n'kuyamba kulemba ntchito ya tsikulo.