Mabaji Otsukidwa ndi Sopo

"Mwawatsuka?" Lorna anafunsanso. "Ndi madzi?"

"Ndi sopo yemwe," anayankha mlamu wake Darlene, akupukuta manja. "Amanunkha nkhungu, alamu. Tikanapita nawo kwa adadi ali choncho?"

Mabaji a kampeni anali mbwee pathaulo m'khitchini. Bambo ake a Lorna, a Orval Hoekstra, anawatolera moyo wawo wonse m'misika ya zinthu zakale ya mu Iowa: nkhope za anthu ofuna upulezidenti, opambana ndi olephera omwe, ena a m'nthawi ya agogo awo. Baji yakale ndi kapepala chabe, kokutidwa ndi kapulasitiki pamwamba pa kachitsulo. Mwana aliyense wokulira m'nyumba imeneyi ankadziwa kuti madzi akangolowa m'mphepete, zatha. Tsopano nkhope zija zinali zitatupa, dzimbiri likuyenderera m'masaya.

Lorna anali atangobwera kumene kuchokera ku Lisbon, kumene anakhalitsa akuphunzitsa. Anapeza laibulale ya ubwana wake itasanduka malo ogulitsira matayala, ndipo bambo ake ali kunyumba yosungirako okalamba, ataiwala ana awo. Namwino anali atamuuza kuti mkuluyo amatsegula pakamwa pokhapokha akaona mabaji ake. Lorna anawoloka nyanja kuti adzamve mawu amenewo.

"Achimwene!" anakuwa. "Inu munali kuti akazi anu akuchapa mapulezidenti ngati masokosi?"

Merle, mkulu wake, anatulukira ndi chitini cha mowa m'manja. "Tsitsa mawu, iwe. Ndi tizitsulo basi."

"Tizitsulo? Ineyo adadi anandimenya dzanja nditangogwira imodzi ndi zala zonyowa. Munalipo, mumaseka!"

"Ee, profesa wabwera kudzatiphunzitsa," Merle anatero. "Adadi akudzinyowetsera pabedi amawasambitsa ndani? Darlene yemweyu. Iwe umatumiza mapositikhadi a matchalitchi."

Darlene anali atayamba kulira mwakachetechete. Lorna anatenga bokosi. Anawola mabaji aja, nkuwathira m'bokosi, namenyetsa chitseko.

Atafika kunyumba ya okalamba ija, anawapeza bambo ake atakhala pawindo, akuyang'ana munda wa chimanga. Sanatembenuke. Lorna anaika bokosi pamiyendo pawo. Zala zawo zowonda zinatola baji imodzi. Anaitembenuza, nkuinunkhiza, kenaka nkuisisita ndi chala pomwe panali nkhope. Milomo inayamba kugwedera.

"Ndani wathira madzi apa?" Mawu anatuluka amphamvu, omwe aja akalekale. Anadzutsa mutu, namuyang'ana m'maso. "Lorna! Ndinakuuza chiyani iwe za manja onyowa?"

Pakhomo panali pataima Merle ndi Darlene, amene anamutsatira pagalimoto yawo. Darlene anatsegula pakamwa kuti aulule. Lorna anamuyang'ana ndi diso loti akangoyerekeza aona zakuda.

"Ndine, adadi," anatero, akukoka mpando. "Ndawatsuka ndine."

"Mwana wosamva iwe! Uyu ukumudziwa kuti anali ndani? Taona wamuchita!"

"Sindikumudziwa. Tandiuzani."

Bambo akewo anayamba kukalipa, baji ndi baji, dzina ndi chaka chake, osaphonya ngakhale imodzi. Lorna anakhala pomwepo akuwapatsira ina ikatha ina, ndipo anayamba wasankha owonongeka kwambiri.