Loboti Yosaona Zakuda

Kaloboti kanathamanga pasimenti n'kukadzigunda pa mwendo wa tebulo. A Mawaya anakatola n'kukagoneka chagada, magudumu akuzungulirabe.

"Kafanana ndi mwini wake," anatero Mzime, mwana wawo wotsiriza, ataima pakhomo. "Paja dzulo munagunda chitseko?"

"Chinandiyamba ndi chitsekocho."

Chimwalirire mayi ake, Mzime ankakakamira kuti bambo akewo asamukire kwa iye. Ankati maso awo atha, sangakhale okha. Kalobotiko anawagulira ndi mwamuna wa Mzime, kolumikiza wekha, kuti azitayitsira nthawi. Koma m'bokosi munalibe kachipangizo koonera zopinga. A Mawaya, amene anakalambira pa ntchito yokonza mawailesi, anakana zogula.

"Ndikapatsa diso ndekha," anatero. "Kakaona, ndiye kuti nanenso ndikuona. Ndikhala pano."

"Kakalephera?"

A Mawaya anangotenga zida zawo.

Anaphwasula rimoti yakale n'kuchotsamo kababu kotulutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Mu TV yakufa anachotsamo kadiso kolandira kuwalako. Ziwirizo anazimata kutsogolo kwa loboti, pakati n'kuikapo kachikatoni kuti diso lisaone babu lake lomwe. Kuwala kukagunda chinthu n'kubwerera, loboti iime. Powotcherera mawaya anadzitentha chala, sanauze munthu. Malamulo analemba pakompyuta m'zilembo zikuluzikulu: ukaona, ima, bwerera, khota.

Loweruka Mzime anabwera ndi mwamuna wake. A Mawaya anaika kaloboti pansi. Kanafika pakhoma, kanaima, kanakhota. Pandowa chimodzimodzi. Kenako kanalunjika pa nsapato yakuda ya mkamwini, kanaigunda, n'kumaikankhabe ngati kambuzi kaukali.

"Apongozi, ndakalakwira chiyani?" anaseka mkamwiniyo.

"Safunsa anadya phula, Bambo," anatero Mzime. "Tikanangogula chipangizo cha kusitolo. Tiyeni tilongedze."

A Mawaya anagwada movutikira. Anaika pepala loyera patsogolo pa loboti, inaima. Anaikapo foni yakuda, inangodutsa nayo.

"Chakuda chimameza kuwala. Sichibweza."

"Ndiye kalephera."

"Kalephera nsapato imodzi."

"Bambo!" anatero Mzime. "Ine za chidolechi ndilibe nazo ntchito. Mukagwa muno, adzamva ndani?"

A Mawaya anagwira mpando n'kudzuka okha, dzanja la mkamwini analikana. Anafufuza m'dirowa n'kutulutsa masipoko awiri a njinga.

"Mphaka sayenda ndi maso okha. Ali ndi ndevu." Anapinda sipoko imodzi ndi pulayala. "Izi zikakhudza chinthu, switchi itseka, kaima. Chakuda kaya choyera."

"Nanga inuyo?"

"Ndodo ndigula. Foni ndiziikoleka m'khosi. Nyumba ino sindichoka."

Mzime anayang'ana mwamuna wake kuti amuthandize. Mwamunayo anali kuyang'ana kudenga.

"Akamwini," anatero a Mawaya, "vulani nsapatoyo. Ndiyeserepo."

Mkamwini anavula, n'kukhala pampando atapinda phazi, pakuti sokosi inali yobooka. A Mawaya anayesa kulowetsa waya m'kabowo ka switchi. Anaphonya. Anayesanso, anaphonyanso. Sanatukule mutu.

"Mzime, gwira apa."

Mzime anaima kaye ndithu. Kenako anaika chikwama chake pansi, n'kukoka mpando.