Hampu ya Amisiri

Ndinali kuchapa ovolosi ya amuna anga, imene inauma gwa ndi simenti, pamene atelala, mayi woyandikana nafe nyumba, analowa kumpanda osaodira. Tepi yoyezera inali idakali m'khosi.

"Anzanga, tasiyani kaye zimenezo. A Pang'onopang'ono agwa pa hampu."

Ndinafunsa kuti hampu iti, chonsecho pamsewu wathu ilipo imodzi yokha, ndipo simenti yake ndi imene ndinali kulimbana nayo m'beseni.

"Ali moyo?"

"Moyo ulipo. Koma mwendo, ine sindinathe kuyang'ana kawiri. Awatengera kuchipatala pa lole ya mchenga."

Ndinapukutira manja m'chitenje. Mumtima ndinati, Ambuye agwireni dzanja.

A Pang'onopang'ono ndi bambo amene amagawa buledi m'magolosale pa njinga yamoto. Dzinalo tinawapatsa ndife, chifukwa pamsewu uno ndi iwo okha amene amaima akaona munthu akufuna kuwoloka. Ena onse amadutsa ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Ndipo ukawadzudzula amakulozera chikwangwani cha pamtunda paja, chimene chimati 80. Anachizika kalekale, kuno kuli tchire lokhalokha. Lero kuli nyumba mbali zonse, sukulu tsidya lino, mpopi wa madzi tsidya lija, koma nambala ikadali yomweyo.

Ku ofesi ya zamisewu tinapitako mpaka nsapato kutha zidendene. Ankatilandira bwino. Panali mayi wina wosesa amene ankatibweretsera madzi akumwa tikakhalitsa pabenchi. Yankho linali limodzi: liwiro la msewu salisintha ndi pakamwa, kubwera anthu odzayeza. Oyezawo sitinawaone. Ndiye tsiku lina lole inaphwanya ndowa imene mayi wina anaiponya pothawa, mwana ali kumsana. Madzulo ake abambo a m'dera lathu anagwirizana zomanga okha chitunda chochedwetsa magalimoto, chimene tonse timangoti hampu.

Ntchitoyo inagwera amuna anga, poti ndiwo amisiri omanga nyumba. Hampu anali asanamangepo. Anaimanga monga amamangira sitepe ya pakhonde: chingwe, levulo, ngodya yowongoka bwino, pamwamba posalala. Wina atawauza kuti angounjika, anayankha kuti ntchito yokhota imawadwalitsa mutu. Anathiramonso ufa wakuda uja amasakaniza ndi simenti ya pansi m'nyumba, kuti hampuyo ifanane ndi phula, isaoneke ngati chigamba. Anayamba mbali imodzi ya msewu, magalimoto n'kumadutsa mbali inayo. Dzulo lake ndi pamene anatseka mbali yotsalayo. Wopenta anati mizere yoyera ajambula simenti ikauma. Anaikapo nthambi zochenjeza, koma mbuzi zinadya masamba n'kukokera nthambizo m'ngalande. M'mawa kunali chifunga, ndipo a Pang'onopang'ono anadzera mbali imene anazolowera kudutsa.

Nditafika pamsewu ndinapeza abambo ataunjikana, ena atanyamula mapiki. Njinga inali itagona m'mbali, gudumu lakutsogolo litapindika. Amayi awiri ankatola buledi, kumupukuta fumbi ndi kumubwezera m'kireti, ngakhale aliyense ankadziwa kuti sagulikanso. Amuna anga anali atakhala pa kalavati, manja ali pakati pa mawondo.

"Tiphwanye apolisi asanafike," anatero agolosale. "Akafunsa, tinangodzuka n'kuipeza."

"Eya, yamera usiku ngati bowa," anatero wopenta. Ena anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'mimba.

"Bowa wa ngodya chonchi?" anatero atelala. "Ngakhale wakhungu akhoza kupapasa n'kutchula mwini wake."

"Inu mayi, pitani mukasoke," anatero wopenta.

"Ndasoka kale. Iwe ndi amene sunapente."

"Simenti yaiwisi sapenta! Funsani amisiri."

Onse anatembenukira kwa amuna anga. Iwo anadzuka mochedwa, ngati munthu amene wasenza matumba tsiku lonse.

"Phwanyani," anatero. "Ingapwetekenso wina. Wina aime kumtunda ndi nsalu yofiira mpaka muthe. Ine ndikupita kuchipatala."

Mchimwene wanga, amene ananyamula nawo mchenga, anawakokera pambali, koma mawu ake ndinawamva.

"Alamu, mukapita kumeneko mukangopereka moni. Mukatsegula pakamwa, mlandu wonse ukhala wanu. Msewu ndi wa boma uwu. Adzakufunsani kuti anakulolani ndani, ndipo onsewa adzati ankangoonerera. Muli ndi ana, alamu."

"A Pang'onopang'ono nawonso ali ndi ana," anayankha amuna anga.

"Ndiye mukavale mlandu wa chikwangwani? Olakwa ndi amene anasiya 80 pakati pa nyumba za anthu."

"Chikwangwani sichinagwire levulo," anatero amuna anga.

Kunyumba anasamba m'manja nthawi yaitali, n'kuvala malaya a kutchalitchi. Batani lina anamanga pabowo lolakwika. Ndinawakonzera. Kunena zoona, mawu a mchimwene wanga anali atandilowa. Ndinkaona amuna anga ali m'chitokosi, ndinkaona anthu akusiya kuwaitana kuntchito. Ndinafuna kunena kuti dikirani kaye mawa. M'malo mwake ndinathira tiyi m'fulasiki, n'kutenga nsapato zanga.

Pamene tinkatuluka, mapiki anali atadya kale mbali imodzi. Magalimoto ankachepetsa liwiro poona nsalu yofiira, madalaivala n'kumatukwana pawindo, akangodutsa n'kupondanso mafuta. Kuti tiwoloke kukakwera minibasi tinaima nthawi yaitali, monga mwa masiku onse. Panalibe woima.

Kenako tinakwera minibasi. Ndinapemphera pang'ono, koma sindinkadziwa chopempha. Kuti a Pang'onopang'ono achire, inde. Zinazo ndinangozisiya m'manja mwa Mwini wake.

Kuchipatala, pakhomo la wodi ya abambo, panali benchi yodzaza. Mayi wina wochepa thupi, maso ofiira, anachotsa chikwama chake n'kuchiika pamiyendo kuti ndikhale.

"Khalani, mayi, mwachokera kutali. Odwala anu ndi ati?"

"Tabwera kudzaona bambo a buledi, amene agwa panjinga."

"Ndi amuna anga amenewo." Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri. "Mulungu akudalitseni. Ndinu a kumsewu kuja? Amakukambani bwino. Adokotala akuti fupa lathyoka pawiri, aikamo chitsulo. Za njinga aiwale kaye. Kaya tidya chiyani, kaya. Koma munthu amene anamanga chinthu chimenecho, ine ndikungofuna ndimuone nkhope."

Dzanja langa linali lidakali m'manja mwake. Sindinalichotse. Amuna anga anali chiimire, akuyang'ana pansi.

Belu la nthawi yoona odwala litalira, tinalowa tonse atatu. M'wodimo munkanunkha mankhwala otsukira pansi. A Pang'onopang'ono anali pabedi la pakona, mwendo utakwezedwa pa mapilo, tsaya limodzi litasupuka. Opanda chisoti ankaoneka okalamba kuposa mmene ndinkawadziwira. Atationa anayesa kumwetulira.

"Amisiri! Mwabwera ndi levulo mudzandiwongole mwendo?"

Mkazi wawo anayang'ana amuna anga, kenako ine. Anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kutsamira khoma.

"Ndinkayenda bwinobwino," anapitiriza wodwalayo, mawu akutuluka movutika. "Mukundidziwa inu. Ndinangomva ngati ndagunda khonde la munthu. Apolisi anabwera, akufunsa kuti anamanga ndani. Ndati sindikudziwa, ine ndimangodutsa." Anatseka maso. "Ana aja amawoloka movutika, ndimawaona. Musadandaule, zingokhala choncho."

Khomo lothawira linali lotseguka pamenepo. Tikanatha kuthira tiyi, kupemphera nawo, n'kubwerera kwathu. Ndinamasula chivindikiro cha fulasiki. Mayi uja sanasunthe pakhoma. Ankayang'ana manja a amuna anga, mmene simenti inatsalira m'zikhadabo.

Amuna anga anavula chipewa. Anagwira chitsulo cha bedi, n'kugwada pansi, bondo limodzi kenako linalo. Iwo ndi munthu wozolowera kuyankhula ali pamwamba pa khoma, kunong'ona sadziwa. Mawu awo anamveka wodi yonse, mpaka namwino amene ankakankha kangolo ka mankhwala anaima.

"Achimwene, apolisi ndikawauza ndekha pochoka pano. Mayi, munthu mumafuna kumuona nkhope uja ndine. Ndinamanga ndi manja angawa, ndipo ndinamanga molakwika. Ndikhululukireni."