Mbuya pa Malilo a Febian

Febian Daka anaseka pamsonkhano wa chipani ku Nyimba, mpando utathyoka ndi a tcheyamani ali pakati pa kulankhula. Tonse tinameza phwete, iye yekha chiseko chinamupulumuka. Anyamata a chipani anamusunga masiku anayi. Anabwela kumudzi kwathu ku Ndake akulavula magazi, ndipo mwezi usanathe Ambuye anamutenga.

Ife a kwaya tinaimba mpaka mawu kusasa, koma mkazi wake Consolata anangokhala pafupi ndi bokosi, maso gwa, osalila, osalankhula. Pansi pa mtengo wa mango panakhala a tcheyamani, amene anabwela kudzapepesa, ndi anyamata awo awili.

Kwa ife Ansenga, Mbemba ndi mbuya wathu. Pamalilo amaloledwa kutinyoza, kunyoza ngakhale wakufayo, kuti mitima imasuke. Mbemba yekha m'dela lathu anali a Wilbroad Chanda, aphunzitsi, mnzake wa Febian. Tsikulo anangokhala kumbuyo.

Ndinapita kukagwada pafupi nawo. "Bambo, mlamu wanga Consolata adzafela m'kati. Mwabwela kudzangokhala?"

"Amai, mwawaona ali pamango paja? Nthabwala yosagunda pa bala siseketsa munthu. Ndikagunda pa bala, mawa mudzaimbila ine."

Ndinabwelela pamalo panga. Titayamba nyimbo yonyamulila bokosi, a Chanda anaimilila, natapa ufa m'lichelo monga mwa mwambo, naima patsogolo pa onyamula.

"Imani! Iwe Febian, mbewa zatha ku Ndake kuti uzikasaka pansi?"

Palibe anaseka. Iwo anawaza ufa pabokosi.

"Mnsenga wopusa iwe! Amene anagwa ndi mwini mpando, koma nthiti zathyoka zako. Kwathu wagwayo ndiye amapita kuchipatala!"

Wina kumbuyo anatsokomola. A tcheyamani anayang'ana nsapato zawo.

"Chokani apa, odya anyani inu," anatelo Consolata, ndi mawu ouma.

"Ehe, chilipo chamoyo m'nyumba muno! Amai, mwamuna wanuyu ngakhale kumwamba akamukhazika kumbuyo. Angaseke angelo."

Consolata anaseka kamodzi, kuseka koipa ngati kutsamwa. Kenaka anagwela pabokosi nalila, kuitana dzina la mwamuna wake, ndipo azimai tonse tinalila naye. Ndinayamika Mulungu ndi misozi.

Tikuchokela kumanda, tinapeza anyamata awili aja ataima panjila, atagwila njinga ya a Chanda. A Chanda anapukuta ufa m'manja, nandipatsa makiyi a kalasi yawo.

"Mukapeleke kwa ahedi," anatelo. "Ndipo Mnsenga wamasiye uja mumupatse phala, tsopano adya."

Anapita pakati pa anyamatawo. Ndinayambitsa nyimbo, koma ochepa okha anandiyankha.